Zolemba za ntchito yosonkhanitsa zithunzi zakale m'chaka chomwe kwacha ili pansi

Novembala 2024

Ntchito yosonkhanitsa zithunzi zakale zosindikiza za dziko lino, pamodzi ndi zojambula za amisiri a muno mu Lilongwe, ikadalipo, kungoti ikuyenda mokwawa. Cholinga chake ndi chionetsero. Zikachuluka bwino tidzazipachike m'holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, ana alowe ulere, aone momwe azungu oyamba ankatijambulira ndi momwe ife timadzijambulira tokha lero. Pakadali pano m'katoni muli mapositikhadi a nthawi ya Nyasaland, mapu awiri, masamba angapo a nyuzipepala ya The Illustrated London News, ndi zojambula za penti zomwe ndinagula m'zaka zam'mbuyomu.

Chomwe chadula miyendo ntchitoyi ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu Novembala 2023 Reserve Bank inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Zithunzi zambiri zakale za dziko lino zili m'manja mwa ogulitsa a ku Britain ndi ku South Africa, ndipo kwa iwo palibe chasintha. Tsamba lomwe ankagulitsa mapaundi 30 akugulitsabe mapaundi 30. Wolandira malipiro mu kwacha ndiye waona zakuda. Komanso ndalamayo ingakhalemo mu akaunti, khadi limangokana kulipira pa intaneti poti madola m'mabanki ndi osowa. Anyamata a pamsewu ali nawo, koma njira imeneyo sindikuifuna pa ntchito yomwe ndikufuna kudzaionetsa poyera pamaso pa ana a sukulu.

Choncho kugula kunja ndaimitsa, kupatula tsamba limodzi lomwe ndinalipira kale ndipo lili ndi msuweni wanga ku Leeds, ku Britain. Ndi mizere ya mafuta ya mwezi uno kuyenda kwavuta, ndiye madzulo ndakhala ndikulemba kaundula. Chithunzi chilichonse chapatsidwa nambala yolembedwa ndi pensulo yofewa kumbuyo pakona, ndipo m'kope ndalembamo kukula kwake, komwe ndinachipeza, mtengo wake, ndi chilema chilichonse chomwe chili nacho.

Disembala 2024

Mvula yayamba, ndipo ndi mvula kwabwera chinyezi. Kumbuyo kwa positikhadi imodzi ya ku Zomba ndapeza chuku choyera chitayamba kumera. Ndachiumitsa pamthunzi, ndachisesa ndi kaburashi kofewa panja, ndi kuiika payokha mu envulopu yake kuti isapatsire zinzake. Masamba akale ambiri ali ndi timadontho tofiirira timene timabwera pepala likakhalitsa pachinyezi. Timeneti sindikutikhudza, chifukwa mankhwala oyeretsera omwe anthu amalangizana amaliza ulusi wa pepala.

Katoni ndaichotsa pansi poopa chiswe, ili pamwamba pa shelefu ya khoma lamkati, kutali ndi khoma lomwe mvula imaomba. Ndaikamo timatumba ta silica gel toyamwa chinyezi, tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala. Abale ndi anzanga a kuntchito akhala akunditolera. Mphemvu nazo zimanyambita guluu ndi penti yamadzi, ndiye chakudya m'chipinda chimenecho sichilowanso.

Pempho langa kwa aliyense amene ali ndi chithunzi cha agogo kapena satifiketi yakale: musakachilaminete. Pulasitiki ija imamatirira ndi moto, sichokanso, ndipo pepala limapsa m'kati mwake pang'onopang'ono. Selotepi nayo ndi yoononga; pakapita zaka imasanduka yachikasu, imayoyoka, n'kusiya banga la mafuta lomwe silichoka. Chithunzi chong'ambika ndi bwino chikhale chong'ambika choncho mu envulopu youma.

Januwale 2025

Msuweni wabwera ku tchuthi ndipo tsamba lija lafika, lili pakati pa makatoni awiri olimba, silinapindike. Ndi lochokera m'buku la David ndi Charles Livingstone lonena za ulendo wawo wa pa Zambezi ndi Shire, lomwe John Murray anasindikiza ku London mu 1865. Chithunzicho ndi cha gulu la akapolo lomwe anakumana nalo pa mudzi wa Mbame, m'mapiri a pakati pa Chikwawa ndi Blantyre, mu Julayi 1861, likuyendetsedwa kupita ku Tete. Amuna ali m'magoli, khosi lili pamphanda ya mtengo. Akazi ndi ana amangidwa zingwe. Owayendetsa anyamula mfuti. Tsiku limenelo anthu 84 anamasulidwa, ndipo anatsagana ndi Bishopu Mackenzie kukayamba mishoni ya ku Magomero.

Ndakhala nalo nthawi yaitali patebulo, galasi lokulitsa lili m'manja. Chithunzi chonsechi ndi mizere yokhayokha. Mmisiri ankatenga chipika cha mtengo wolimba kwambiri wa boxwood, chodulidwa mopingasa, n'kumazokota ndi kachitsulo kosongoka, kuchotsa paliponse pofunika kutuluka poyera. Pomwe wasiya ndi pomwe pamatenga inki. Pamsana pa bambo wina yemwe ali m'goli mizere yathithikana kuti pade, kenaka ikutalikirana kulowera paphewa pomwe pakuomba dzuwa, ndipo mzere uliwonse ndi wakuda bii, wosaduka. M'mphepete mwa pepala mulibe chidindo cholowa m'kati chomwe chimatsala akasindikiza ndi mbale ya mkuwa kapena ya chitsulo, ndipo zimenezo n'zoyenera pa chithunzi cha pa mtengo. Mbali imodzi ya tsambali ili ndi timabowo ta ulusi. Apo ndi pomwe linasokedwa m'buku, wogulitsa wina asanaliphwasule kuti azigulitsa tsamba limodzilimodzi, popeza mwanjira imeneyo amapeza zambiri kuposa kugulitsa buku lathunthu. Zimandiwawa, ndipo ndikudziwa kuti ife ogula masamba ndife timalimbikitsa mchitidwewu. Buku lathunthu likanapezeka pa mtengo wofikirika ndikanasankha limenelo.

Chinthu china choti ana adzauzidwe ndi ichi: amene anajambula ndi kuzokota chithunzichi anali ku London. Thomas Baines, yemwe anali wojambula wa ulendowu, anali atachotsedwa ntchito mu 1859, zaka ziwiri za pa Mbame zisanachitike. N'chifukwa chake nkhope za anthuwa zikufanana zonse, ndipo palibe mmodzi yemwe dzina lake lili pansi pa chithunzi. Zomwe zinachitikazo n'zoona, magoli analipodi, koma maso omwe anakonza chithunzichi ndi a munthu wofuna kugwedeza mitima ya owerenga a ku Britain. Pa chionetsero ndidzalemba zonse ziwirizi pansi pake, m'Chichewa.

Pa 15 tinali ndi tchuthi cha John Chilembwe, ndipo ndinakumbukira zomwe Samson Kambalu, mmisiri wa zaluso wa ku Malawi kuno, anachita ndi chithunzi chimodzi cha 1914, chija Chilembwe waima atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kuchokera pa chithunzi chimenecho kunatuluka chiboliboli cha Antelope chomwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022. Wina akanachitaya chithunzicho, kapena chiswe chikanachidya, ntchito yonse ija sikanakhalapo.

Malichi 2025

Chimanga chakwera moopsa, ndipo mwezi watha mavenda a kaunjika anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula za mtengo wa mabelo. Ineyo chomwe ndaona n'chakuti foni yanga yayamba kuitana. Kale ndinkachita kufunafuna. Tsopano anthu ndi amene akundifuna, aliyense ali ndi kanthu kakale koti agulitse.

Kudzera mwa mnzanga wa kutchalitchi ndinafika kwa mayi wina wachikulire ku Chilinde. Malemu amuna awo anali kalaliki wa boma, ndipo banjali linachoka ku Zomba pamene likulu linasamukira kuno mu 1975. Mdzukulu wawo anakoka tiranki yachitsulo pansi pa bedi, tinaitsegula pakhonde. Munali fungo la mankhwala a njenjete. Pamwamba panali jekete lopindidwa bwino, pansi pake mapu a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mtolo wa mapositikhadi womangidwa ndi kansalu, ndi zithunzi za banja zambiri zakuda ndi zoyera.

"Mwanangu, tengani zonsezi," anatero. "Mungondipatsa ya fizi ya mwanayu kuti asabwezedwe kusukulu. Ine zikungonditsekera malo."

"Amayi, izi za ukwati wanu ndi za ana sindingatenge. Zimenezi mwini wake ndi mdzukulu wanuyu."

"Nanga iye azidya zithunzi?"

Funsolo linali loona, ndipo ndinalibe yankho lachangu. Chomwe tinachita ndi ichi. Ndinasankha mapu aja ndi mapositikhadi okha: phiri la Zomba, sitima ya Ilala yomwe inayamba kuyenda panyanja mu 1951, msika wina wa fodya. Ndinatsegula foni, ndinaonetsa mwana wawo wamwamuna mitengo yomwe zinthu zofanana nazo zikugulitsidwa kunja, kuti asaganize kuti ndi zinyalala komanso asaganize kuti ndi golide. Tinagwirizana mtengo woyandikira pamenepo, osati womwe mayiwo anatchula poyamba, womwe unali wotsika kwambiri. M'kope langa tinalemba kuti banjali likadzafuna kuwombola zinthuzi lidzabweza ndalama yomweyo, ndipo tonse tinasainira. Zithunzi za banja ndinazijambula ndi foni atandilola, n'kuzibweza m'maenvulopu atsopano.

Kenaka mayi aja anayamba kufotokoza, chithunzi chilichonse chili m'manja. Uyu anali mesenjala, kwawo ku Ntcheu. Apa ndi tsiku lomwe katundu wa maofesi ankakwezedwa m'malole. Nyumba iyi tinalowa penti isanaume. Ndinalemba mpaka dzuwa kupendeka. Positikhadi yofanana ndi yawoyo ndingathe kudzaipeza kwa wogulitsa wina chuma chikadzakhala bwino, koma mawu amenewa akanapita nawo kumanda.

Pali malangizo omwe amamveka kawirikawiri pakati pa osonkhanitsa zinthu zakale, akuti nthawi ya mavuto a zachuma ndiyo yabwino kugula poti mitengo imagwa. Mwina kumayiko komwe wogulitsa amakhala munthu wolemera wofuna kuchepetsa katundu m'nyumba zili choncho. Muno mu Lilongwe wogulitsa ndi mayi wamasiye wofuna fizi, ndi bambo wopuma ntchito wofuna feteleza kapena mankhwala a shuga. Mtengo womwe munthu wapanikizika amatchula ndi kukula kwa vuto lake la tsikulo. Ndikaulandira mwakachetechete, podziwa kuti chinthucho ndi choposa pamenepo, ndamubera ngakhale iye atandithokoza. Pa ntchito ino ndaika lamulo loti wogulitsa aziona kaye zomwe ine ndikudziwa za mtengo. Zotsatira zake n'zakuti ndikugula zochepa.

Meyi 2025

Mnyamata wina anandipeza ku Old Town ndi "mapu a 1800" mu felemu yokongola, pomwe nyanja yathu yalembedwa Maravi. Mapu enieni otere alipo. Ena a ku Ulaya a zaka za m'ma 1700 ankalembadi nyanja ya Maravi. Koma awa pansi pa galasi lokulitsa anali timadontho ta mitundu inayi ta makina a masiku ano, pepala lake losalala, ndipo kufiira kwake kunali kofanana paliponse, kochita kunyika. Ndinamuonetsa iye mwini pa galasipo. Ndikukhulupirira kuti nayenso anachita kugulitsidwa. Kwa amene mukufuna kuyamba: galasi lokulitsa ligulidwe chithunzi chisanagulidwe. Zithunzi za m'nyuzipepala zisanafike zaka za m'ma 1890 zimakhala za mizere, ndipo kumbuyo kwake kumakhala nkhani zosindikiza za tsamba linalo. Ngati mukufuna kumva momwe inki ya chithunzi chozokota pa chitsulo imakhalira, sisitani chala pa nkhope ya Chilembwe pa K2,000 yatsopano. Kukhakhala komwe mukumvako ndi komweko.

Kabati ya madilowa osaya yatha ku Mchesi. Kalipentala anadabwa ndi muyeso wake, madilowa otambalala koma osazama, anafunsa ngati ndi ya mapulani a nyumba. Wagwiritsa ntchito matabwa ouma a chitseko chakale, ndipo ndinamupempha kuti m'kati asapakemo vanishi. Pansi pa dilowa iliyonse ndayalapo pepala lopanda asidi lomwe msuweni anabweretsa, popeza thabwa likakhudzana ndi pepala kwa zaka limalipsereza. Ndalama yomwe ikanagula masamba ena awiri yapita ku kabatiyi, ndipo ndakhutira nazo.

Julayi 2025

Mwezi uno ndi wa amisiri amoyo. Ndikayenda pa msika wa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ndimapeza anyamata atangokhala, mabatiki ndi zojambula zili mbwee, ogula palibe. Penti ya m'machubu, maburashi ndi nsalu yojambulapo zonse zimachokera kunja, ndiye zakwera limodzi ndi dola. Wojambula wina wa ku Kawale yemwe ndakhala ndikumutsatira wasiya penti ya m'machubu. Akusakaniza penti ya nyumba ndi dothi lofiira losefa, akujambula pa matumba a ufa omwe wawapaka laimu ndi guluu. Anandionetsa chojambula cha mzere wa mafuta usiku: magalimoto athithikana, akabaza agona pa njinga zawo, mayi wina akugulitsa tiyi pambali pa zigubu. Kuwala konse kukuchokera ku tochi ya foni ya munthu mmodzi.

"Achimwene, ichi alendo sangagule," anatero. "Iwo amafuna njovu ndi mlambe dzuwa likulowa."

Ndinachigula, molipira kawiri pa foni, theka mwezi uno theka mwezi wamawa. Ndinamupempha asaine, alembe chaka ndi zomwe wagwiritsa ntchito kumbuyo. Ndimaganiza za chithunzi cha pa Mbame chija, chomwe tinajambulidwa ndi munthu yemwe sanatione. Ichi wajambula ndi munthu yemwe anagona nawo pamzerepo. Pakadzapita zaka 100 wofuna kudziwa momwe Lilongwe analili mu 2024 ndi 2025 adzachifuna chojambula chimenechi, ndipo chidzapezeka pokhapokha wina atachigula lero, mmisiriyu asanasiye n'kukayamba kabaza. Kuyambira pano theka la ndalama ya ntchitoyi lizipita kwa amisiri amoyo. Ndalama imeneyi imathera pa msika wa Kawale, siifuna dola.

Ndinapitanso ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni yomwe inakhazikitsidwa mu 1902. Ndinapitira kukaona momwe amafotokozera zinthu m'nyumba yoonetseramo zachikhalidwe ya Chamare, momwe mlendo amayendera kuchoka pa chinthu china kufika pa china nkhani osaduka. Ndabwerako ndi maganizo a momwe ndingasanjire holo yathu: kuyamba ndi mapu, kenaka za akapolo ndi mamishoni, za Nyasaland, kusamuka kwa likulu, kumalizira ndi za lero.

Seputembala 2025

Mwezi wa chisankho, ndipo sindinagule kanthu. Funso lomwe ndalandira kwambiri ndi lakuti kodi zithunzi zakale ndi posungira ndalama pabwino pamene kwacha ikugwa. Yankho langa ndi ayi. Amene akufuna kuteteza ndalama yake agule simenti, malata kapena puloti, zomwe mawa angagulitse kwa mnansi. Kuno sitinafike pokhala ndi okushoni ya zojambula ngati za ku London kapena ku Johannesburg, ndipo tsiku lomwe mwana wadwala simungathamange ndi tsamba la 1865 n'kupeza wogula dzuwa lisanalowe. Masamba a m'mabuku ndi m'nyuzipepala anasindikizidwa masauzande, si osowa monga ogulitsa amanenera. Aliyense wolowa m'ntchitoyi alowe ndi ndalama yomwe sakuiyembekezera kubwerera, ndipo asayerekeze kutengera katapila kapena ngongole ya banki m'khonde.

Munthu wina anandibweretsera chinthu cha kudambwe chokulungidwa m'thumba, akuti n'chakale ndipo azungu amalipira bwino. Ndinakana osachitsegula n'komwe. Gule wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu onse chifukwa akadali wamoyo m'midzi. Chinthu chotere chikafika m'tauni m'thumba, kawirikawiri ndiye kuti kwinakwake chasowa. Tisaiwalenso kuti lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kutulutsa zinthu zakale m'dziko muno popanda chilolezo cha boma. Njala ikakula, zinthu zotere zimatuluka mwakachetechete m'masutikesi.

Novembala 2025

Kaundula watha kulembedwa pa kompyuta, ndipo kope lapamanja ndalisunga kwa mchemwali wanga ku Area 25 kuti zonse zisakhale pamalo amodzi. Chithunzi chilichonse ndachijambula kutsogolo ndi kumbuyo. Mawu a mayi a ku Chilinde ndawalemba bwino, ndawawerengera iwo eni, anakonza dzina la mudzi umodzi ndi chaka chimodzi, ndipo avomera kuti adzaikidwe pa chionetsero popanda dzina la banja.

Holo yapezeka pa sukulu ina ya sekondale, aphunzitsi a mbiri ndi omwe akuthandiza, ndipo tikuyang'ana nyengo yachisanu chaka chamawa mvula itatha. Masamba enieni akale sadzapachikidwa pakhoma; adzakhala pa tebulo pansi pa galasi, kutali ndi zenera, ndipo pakhoma padzakhala makope akuluakulu olembedwa poyera kuti ndi makope. Galasi lakwera mtengo kwambiri, ndiye ndikukambirana ndi wokonza mawindo wina ku Malangalanga kuti andidulire zotsalira za ntchito zake. Pakati pa galasi ndi pepala padzakhala katoni yopanda asidi kuti ziwirizi zisakhudzane.

Zotsala ndi kumasulira mawu a pansi pa zithunzi m'Chichewa chomveka kwa mwana wa Fomu 1, kulembera a National Archives ku Zomba ndi a Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre kupempha makope a zithunzi za Lilongwe wakale zomwe ine ndilibe, ndi kupeza magalasi okulitsa okwanira kuti ana adzathe kuona okha mizere ya pa chithunzi cha pa Mbame. Amisiri atatu avomera kudzakhalapo ndi ntchito zawo, ndipo chilichonse chomwe chidzagulidwe tsikulo ndalama yake idzapita yonse kwa mwini wake. Amene muli ndi mapositikhadi, mapu kapena zithunzi za Lilongwe za zaka za m'ma 1970 ndipo simukufuna kugulitsa, kubwereka kokha kuti tijambule n'kokwanira. Ndimabwera ndi maenvulopu, ndipo zinthu zanu sizichoka pakhomo panu.